Masiku 45 a Elizabeth wa ku Kolobeng

 

Lero tilondola mbiri ya munthu amene sanayendepo ndi mapazi ake, sanatchulepo mawu ngakhale amodzi. Dzina lake ndi Elizabeth Pyne Livingstone. Anabadwa pa 4 Ogasiti 1850, ndipo anamwalira pa 18 Seputembala chaka chomwecho. Mukawerenga bwino, ndi masiku 45, milungu isanu ndi umodzi ndi masiku atatu.

Bambo ake mukuwadziwa. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la mudzi umene a David Livingstone anabadwirako ku Scotland mu 1813. Livingstonia nayenso ndi dzina lawo. Kusukulu tinaloweza chaka cha 1859, pamene anafika pa nyanja yathu. Koma mwa ife amene tinaloweza zimenezi, ndi angati anauzidwa kuti bambo ameneyu anali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo wachinayi anamuika m'manda akadali woyamwa? Ine ndikuona kuti mwana ameneyu ali ndi mbiri yakeyake, ndipo tikailondola mofatsa timaona amene analipira maulendo otchuka aja.

Mwana wa milungu isanu ndi umodzi sasiya katundu. Chithunzi chake palibe. Zimene zatsala ndi makalata amene bambo ake ankalembera abale ndi anzawo, kalata yowawa ya agogo ake aakazi, ndi manda. Tiyambire pa mandapo.

Kolobeng ali m'dziko limene lero timalitcha Botswana, chakumadzulo kwa Gaborone, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Mu 1850 Gaborone kunalibe, ndipo Angerezi anadzaika dzikolo pansi pa ulamuliro wawo mu 1885. Komabe utsamunda unali utafika kale pakhomo. Kummwera Angerezi ankalamulira dera la Cape. Kummawa Mabunu anali atakhazikika ku Transvaal, akulanda malo ndi kugwiritsa anthu akuda ntchito yokakamiza m'minda yawo. Pakati pa zonsezi panali mtundu wa Bakwena ndi mfumu yawo Sechele.

Banja la a Livingstone linafika ku Kolobeng mu 1847, pamodzi ndi anthu a Sechele, potsata madzi. Anatseka mtsinje, nakumba ngalande yothirira dimba. Chaka choyamba zinayenda. Kenaka mvula inakana, inakananso, mpaka mtsinje wa Kolobeng unaphwa. Mu Okutobala 1848 Sechele anabatizidwa, ndipo popeza iyeyo ndiye anali wopempha mvula wa mtundu wake, anthu ambiri anati chilalacho chabwera ndi mmishonale. Amayi achikwena ankagulitsa mikanda ndi zokometsera zawo kuti apeze mapira kwa mitundu ina, ana ali kuthengo kukumba mizu. Ana a mmishonale nawonso ankadya dzombe, mphalabungu ndi achule akuluakulu. Malipiro a bambo awo kuchokera ku bungwe la London Missionary Society anali mapaundi 100 pachaka.

Tiwaone bwino mayi a m'nyumbamo, chifukwa masiku oyamba a mwana aliyense ali m'thupi la amake. Mayi Mary sanali mlendo mu Afirika. Anabadwira ku Griquatown mu 1821, mwana wa a Robert ndi a Mary Moffat, amishonale a ku Kuruman, ndipo Chitswana anayamba kuyankhula ali wamng'ono. Anakwatiwa mu Januwale 1845. Anthu ankawaitana Ma-Robert, ndiye kuti amake Robert, ndipo ndilo dzina limene linadzaperekedwa kwa sitima ya a Livingstone imene inakwera mtsinje wa Shire mu 1859. Ku Kolobeng buledi ankaphikira m'chulu chobooledwa, sopo ankapanga okha ndi phulusa, makandulo ankaumba okha, ndipo masana ankaphunzitsa ana aang'ono ndi kusoka. Pofika 1850, m'zaka zisanu zokha za ukwati, anali atabereka ana atatu ndipo anali woyembekezera wachinayi.

Chaka cha 1849 a Livingstone, pamodzi ndi a William Cotton Oswell ndi a Mungo Murray, anadutsa m'mbali mwa chipululu cha Kalahari nafika pa nyanja ya Ngami pa 1 Ogasiti, atayenda miyezi iwiri pa ngolo za ng'ombe. Mbiri yawo inamveka mpaka ku London. Koma mtima wawo unali kumpoto kwenikweni, kwa Sebetwane, mfumu ya Amakololo, kumene ankaganiza kuti angapeze malo a madzi okwanira, kutali ndi Mabunu. Choncho mu Epulo 1850 ananyamukanso. Ulendo uno anatenga banja lonse: Robert wa zaka zinayi, Agnes wosakwana zaka zitatu, Thomas wa chaka chimodzi, ndi mayi awo ali ndi pakati pa miyezi isanu. Mfumu Sechele inapita nawo.

Amayi amene mukundimvera, inu ndinu mungamvetse bwino kuposa ine. Ngolo ya ng'ombe ilibe chofewetsa. Imagwedezeka pamiyala, imatitimira mumchenga, ndipo m'mphepete mwa mtsinje wa Zouga, umene lero umatchedwa Boteti, amuna ankadula mitengo kuti ngolo idutse, ng'ombe zina zikugwera m'mbuna zotchera nyama. Madzi ochita kupimira, kutentha masana, kuzizira usiku. Mmenemo ndi mmene Elizabeth anakulira miyezi yake yomaliza m'mimba.

Atafika ku Ngami anapeza gulu la Angerezi ofuna minyanga litagwidwa ndi malungo, ndipo mmodzi wa iwo, wojambula zithunzi wachinyamata Alfred Rider, anali atamwalira kale. Njira ya kumpoto inali ndi kashembe, ntchentche yopha ng'ombe. Mfumu ya kumeneko, Lechulatebe, inali itavomera kupereka owaperekeza, koma ulendo usanayambe ana awiri a a Livingstone anadzuka ndi malungo, antchito nawonso anagwa. Nthawi imeneyo kunali kusanadziwike kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Zimenezo anadzazitsimikiza Ronald Ross mu 1897. Chimene ankadziwa n'chakuti pafupi ndi madambo pali imfa. Anatembenuza ngolo, ulendo wa kwawo.

Anafika ku Kolobeng ana ali ofooka, mudzi uli ndi njala. Patangopita masiku ochepa, pa 4 Ogasiti, mayi Mary anachira mwana wamkazi. Anamutcha Elizabeth Pyne, dzina la mayi wina wa ku Ongar ku England, amene pamodzi ndi amuna awo anamkomera mtima David ali wophunzira za umishonale kumeneko, ndipo ubwenzi wawo unapitirira m'makalata. Bambo ake analemba kuti kanali kamwana kokongola, ka maso obiriwira ngati thambo.

M'mudzi wa Bakwena munali mutagwa matenda a m'chifuwa amene ankasesa ana. Ana a m'nyumba ya mmishonale anawatenga nawo. Akuluakuluwo anapirira, koma khanda silinathe. Mapapo ake anatupa, chimene ife tingachitche chibayo. Bambo ake anali dokotala wophunzira, amene analandira chiphaso chake ku Glasgow mu 1840, koma mankhwala opha tizilombo toyambitsa chibayo anadzapezeka patapita zaka pafupifupi 90. Anangoyang'ana mwana wawo akubanika. Pa 18 Seputembala anatsirizika, ndipo a Livingstone analemba kuti kulira kwake komaliza kudzawamvekabe m'makutu.

Anamuika pafupi ndi nyumba, patsinde pa mtengo, naikapo chizindikiro.

Nthawi yomweyo thupi la mayi Mary linagonja. Mbali ya kumanja ya nkhope yawo inafa, pakamwa panapindika, mutu ukuwawa kosalekeza. Anawatengera ku Kuruman, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, kuti akapume kwa makolo awo.

Apa ndi pamene nkhani imandiwawa kwambiri, omvera. Munthu angaganize kuti manda aja akanakhala phunziro lokwanira. Koma mu Epulo 1851, patangopita miyezi isanu ndi iwiri, ngolo zinamangidwanso. Mayi Mary anali woyembekezeranso. Agogo a Elizabeth, mayi Moffat, atamva, analembera mkamwini wawo kalata yosapsatira. Anamufunsa ngati imfa ya khanda limodzi, ndi kupulumukira mkamwa mwa mbuzi kwa ana ena aja, sizinamukwane. Anati kutenga mkazi wa pakati ndi ana aang'ono kupita nawo m'dziko la malungo ndi nkhanza, ndipo anthu onse adzaziona choncho. Mudziwa kulemera kwake pamene apongozi aakazi afika poyankhula chotere kwa mkamwini, makamaka m'banja la anthu opembedza, limene mawu ankawasankha. Kalatayo sinabweze ulendowo.

Pa ulendo umenewo wowalondolera njira, dzina lake Shobo, anasokera m'chipululu nawathawa. Madzi a m'ngolo anali atatayika. Ana analira ndi ludzu mpaka tsiku lachisanu, pamene anthu anabwera ndi uthenga wa madzi. A Livingstone eniake anavomereza kuti mayi a anawo sanawanene ndi liwu limodzi lomwe, koma misozi inali m'maso. Anafikadi kwa Sebetwane mu Juni, mfumuyo inamwalira ndi matenda a m'chifuwa mu Julayi, ndipo mu Ogasiti 1851, mwezi umene Elizabeth akanakwanitsa chaka, a Livingstone ndi a Oswell anaona mtsinje wa Zambezi ku Sesheke. Mwana wachisanu, William Oswell, anabadwira panjira pobwerera, m'mphepete mwa Zouga, mu Seputembala.

Tsono tiweruze bwanji? Ndiyenera kuwachitira chilungamo bambo amenewa. Iwo ankati matendawo anali m'mudzi, ndipo mwana akanatha kuwatenga ngakhale banja likanakhala osayenda. M'menemo muli choona. N'zoonanso kuti Kolobeng sanali malo a mtendere oti n'kusiyako mkazi ndi ana: njala inalipo, Mabunu anali pafupi. Ndipo sindikayika kuti mwana wawo ankamukonda. Makalata awo akuchitira umboni. Koma Kuruman analipo. Kunali kasupe wosaphwa, kunali dimba, kunali agogo okonzeka kulandira adzukulu. Dokotala ankadziwa kuposa wina aliyense chimene miyezi inayi ya m'ngolo ingachite kwa mayi wa pakati ndi kwa mwana amene ali m'mimba. Khanda lobadwa kwa mayi wotopa, m'nyumba yopanda chakudya chokwanira, limakumana ndi mliri lili kale pansi. Ine ndili kumbali ya agogo aja. A Livingstone ankakhulupirira kuti ntchito yawo ndi ya Mulungu ndipo Mulunguyo adzasunga ana. Chikhulupiriro chimenecho chinali chawo, koma thupi limene linanyamula mtolo wake linali la mayi Mary, ndipo Elizabeth sanafunsidwe.

Tikamatamanda kulimba mtima kwa amuna a m'mbiri, tizifunsa kuti kunyumba kwawo kunkagona ndani ndi njala, ndipo ndani ankalira chamumtima.

Koma palinso ana ena m'nkhani imeneyi, ndipo ndikadakhala wolakwa ndikanawadumpha. Mliri umene unatenga Elizabeth unayambira m'nyumba za Bakwena, ndipo unatengako ana ambiri. Amayi awo anawabereka m'chilala chomwecho, anawayamwitsa ndi mabere ouma, anawaika m'dothi lomwelo la Kolobeng. M'makalata timawamva ngati gulu, ana a m'mudzi, pamene Elizabeth timamudziwa tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, mtundu wa maso ake, ndi mwini dzina lake ku England. A Livingstone anafika polemba kuti manda a mwana wawo anali oyamba m'dziko lonselo kuikidwa chizindikiro cha chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Anatonthozedwa nazo, ndipo sindingawalande chitonthozo chawo. Koma mayi wachikwena amene anaika wake sabata yomweyo sanalire mochepera. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kusiyana kwa ana amenewa kunali pa cholembera ndi pepala: amene ali ndi pepala ndiye amasankha woti akumbukiridwe, ndipo m'nthawi ya atsamunda pepala linali m'manja mwa ochepa.

Mu Ogasiti 1852 Mabunu anathira nkhondo Sechele ku Dimawe, pafupi ndi Kolobeng. Anapha anthu, anatenga ng'ombe, natenganso akazi ndi ana ambiri kukawagwiritsa ntchito m'mafamu awo. Nyumba ya a Livingstone inathyoledwa, mabuku anang'ambidwa, mankhwala anaphwanyidwa. Za mabuku ong'ambidwawo dziko lonse linamva. Ana otengedwa aja ambiri anakulira m'makomo a eni mafamu, ndi mayina opatsidwa ndi ambuye awo.

Pamene izi zinkachitika, banja linali litabalalika kale. Mu Epulo 1852 mayi Mary ndi ana anayi anakwera sitima ku Cape Town kupita ku Britain, dziko limene kwa anawo linali lachilendo, ndipo anakhalako zaka zinayi akusamukasamuka m'nyumba za lendi, ndalama zikuperewera. Banjalo silinakhalenso pamodzi pakhomo lawolawo mu Afirika. Kolobeng ndiye anali mudzi wawo womaliza, ndipo amene anatsalako ndi Elizabeth yekha.

Ena mwa inu mukufunsa kuti kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife kuno. Ulendo umene Elizabeth anayenda ali m'mimba unali wofuna Amakololo. Ubale umene unayamba chotero ndiwo unadzabweretsa Amakololo ena ku Chigwa cha Shire pamodzi ndi a Livingstone, ndipo maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa mizu yake ili kumeneko. Amake Elizabeth anamwalira ndi malungo pa 27 Epulo 1862 ku Shupanga, m'mphepete mwa Zambezi ku Mozambique, ali ndi zaka 41, ndipo anaikidwa patsinde pa mlambe, kutali zedi ndi khanda lawo. Mlongo wake wamkulu Robert anamwalira mu 1864 ali mkaidi pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ali ndi zaka 18. Mkulu wake Agnes, uja anali ndi zaka zitatu pa maliro, anadzakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, ndipo banja la Bruce ndilo linali eni esiteti ya Magomero, kumene thangata inafika poipa mpaka anthu a John Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915. Kuchokera pa kamanda ka ku Kolobeng, njira imafika ndithu mpaka ku Chiradzulu.

Ndipo za pepala zija sizinathere ku Botswana. Kuno kwathu, m'nthawi ya atsamunda, lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza anthu osakhala Aafirika okha. Mwana wa bwana wa esiteti akabadwa, ankalowa m'kaundula wa boma. Akamwalira, ankapeza chiliza kumanda a tchalitchi. Mwana wa munthu wolima fodya pa esiteti yomweyo ankalembedwa pokhapokha ngati anabatizidwa ku mishoni, apo ayi ankangokhala mumtima mwa amake. Ngakhale zolembedwa za boma zomwezo, zambiri zoyambirira zinapsa ndi moto ku Zomba mu 1919. Lamulo lokakamiza kuti mwana aliyense wobadwa m'Malawi alembedwe linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ndi dzulodzuloli.

Nafenso tili ndi mbali yathu. M'midzi yambiri kwathu kuno, khanda likapita lisanatuluke m'chikuta, maliro ake sakhala ndi phokoso. Amayi achikulire okha ndiwo amapita kumanda, ndipo mwini mwana amauzidwa kuti asalire kwambiri, adzabereka wina. Mwambowo unali ndi nzeru zake, unkateteza mtima wa mayi m'masiku amene imfa za makanda zinali paliponse. Koma zotsatira zake n'zakuti m'mabanja mwathu muli ana ambiri amene adzukulu sanamvepo za iwo. Mufunse gogo kuti anabereka ana angati, adzakuuzani kuti asanu ndi atatu, inu mukudziwa asanu okha. Atatu enawo gogoyo sanawaiwale. Akudziwa amene anabadwa chaka cha njala ya 1949, akudziwa amene anapita ndi chikuku nthawi yokolola, akudziwa ndi mtengo umene anagona pansi pake. Amangokhala chete chifukwa palibe anawafunsa.

Ku Kolobeng lero boma la Botswana limasunga malowo ngati chikumbutso cha dziko. Alendo amaona maziko a nyumba ndi manda a Elizabeth, ndipo dzina lake limawerengedwa patapita zaka zoposa 170.

Pempho langa kwa inu, omvera, ndi ili. Ngati agogo anu, amayi anu kapena azakhali anu akadali moyo, musadikire maliro kuti mudzamve mbiri ya banja. Khalani nawo pansi sabata ino, muwafunse mwaulemu ndi mosawafulumiza za ana amene anapita ali aang'ono. Akalira, alekeni alire. Mulembe dzina ngati linalipo, chaka kapena nyengo, mudzi, ndi pamene anaikidwa. Mulembe m'kope kapena mkati mwa chikuto cha Baibulo la pakhomo, ndipo muwerengere ana anu. Inu amene muli ndi khanda kumsana usiku uno, likayamba kutsokomola ndi kupuma mothamanga, musagone nalo, thamangirani kuchipatala, chifukwa chibayo chimene chinalibe mankhwala mu 1850 lero chimachizika. Ndipo ngati silinalembedwe m'kaundula, pitani mukalilembetse.